Wa zaumoyo wosabaya jakisoni

Amayi anga akhala akuvutika kwa zaka zambiri ndi funso lomwe anzawo a kutchalitchi amawafunsa: kodi mwana wanu uja amagwira ntchito yanji? Akati ndi namwino, ayi, zoyera sindinavalepo. Akati ndi mtolankhani, imeneyo ndinaisiya kalekale. Tsiku lina ndinawapeza pakhonde kwathu ku Chiputula akusankha nyemba ndi mnzawo, ndipo ndinamva ndi makutu angawa akuti, "Ndi wa zaumoyo, koma sabaya. Amangoyankhula." Mnzawoyo anapukusa mutu mwachisoni ngati wamva zoti ndinalephera mayeso.

Komatu sananame. Ndimagwira ntchito ku bungwe lina la zaumoyo lomwe likulu lake lili kutsidya kwa nyanja. Dzina sinditchula, kungoti ndi laling'ono mukaliyerekeza ndi WHO, bungwe la zaumoyo la dziko lonse lapansi. Ofesi yathu yaikulu m'dziko muno ili ku Lilongwe, ine ndimakhala kuno ku Mzuzu, ndipo dera langa limayambira pa Jenda kukafika ku Chitipa, osaiwala Likoma. Dzina la udindo wanga ndi lalitali ndipo ndi lachingerezi, koma m'Chichewa tingangoti ndine wa pakamwa.

Nyumba ya ntchitoyi ili ndi makomo awiri. Lina limayang'ana kwa omwe amatipatsa ndalama, kwa akazembe, kwa akuluakulu a ku Capital Hill ndi mabungwe anzathu. Opereka ndalamawa muofesi timangowatchula kuti madona, ngakhale ambiri mwa iwo ndi azibambo omanga mataye. Khomo linalo limayang'ana kwa amayi anga, kwa asodzi a ku Usisya, kwa anyamata a njinga za sakaramento pa Katoto. Munthu mmodzi yemweyo ayenera kuyima pa makomo onse awiri. Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ine ndavumbwapo kangapo. Chomwe ndinachedwa kuzindikira n'chakuti anthu a makomo awiriwa amasiyana pa kukumbukira. Dona amakhala kuno zaka zitatu kapena zinayi, kenako amamutumiza ku dziko lina, ndipo wobwera m'malo mwake sadziwa zomwe tinalonjeza mnzake. Mayi wa ku Zolozolo sapita kulikonse. Zomwe munamuuza chaka chatha adakazisunga. Koma taonani, chingerezi chosalala, chowerengedwa kasanu, timalembera woiwala uja.

Uthenga wa zaumoyo umayenda ulendo wautali usanafike pakhomo panu. Tengani wa WHO, bungwe lomwe linayamba mu 1948. Malangizo amachokera ku Geneva, amadutsa ku ofesi ya Africa yomwe ili ku Brazzaville, n'kufika ku Lilongwe. Kumeneko a Unduna wa Zaumoyo amawaunika, ife a mabungwe timaitanidwa kukakhala nawo pokonza mawu ake, kenako amapita kwa akuluakulu a zaumoyo a m'maboma, mpaka kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi. Paliponse pamafunika siginecha. Sindikunyoza ayi, chifukwa nambala imodzi yolakwika pa mlingo wa mankhwala itha kupha mwana. Koma pamene chikalata chathu chikudikira siginecha yachitatu, bambo wina wosadziwika wajambula kale mawu ake pa WhatsApp, akuyamba ndi kuti "Abale anga, tumizani kwa aliyense amene mumamukonda," ndipo pofika madzulo amakhala atamveka kuyambira mu msika wa Taifa mpaka ku Chitipa.

Chaka cha 2021 n'chomwe chinandiphunzitsa ntchito. Mu Januwale nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi ndi Covid-19, ndipo mantha anagwira ngakhale aja ankati matendawa ndi a azungu. Pa 5 Malichi katemera woyamba wa AstraZeneca, wokwana 360,000, anatera pa bwalo la ndege la Kamuzu kudzera mu ndondomeko ya COVAX yogawira maiko katemera. Pa 11 Malichi a Lazarus Chakwera anabayitsa ku Zomba, malemu a Saulos Chilima anabayitsa kuno ku Mzuzu. Tinajambula, tinalemba, tinagawa zithunzi paliponse. Amayi anga anayang'ana chithunzicho pafoni n'kunena kuti, "Akuluakulu amawabaya wina." Mphekesera zinali zitakhuta kale: za 666, za kutseka mimba, zakuti obayitsa onse adzakhala atafa pakatha zaka ziwiri.

Kenako kunabwera katemera wina wokwana 102,000 kudzera ku African Union, kumapeto kwa Malichi, atatsala ndi masabata osakwana atatu kuti athe mphamvu pa 13 Epulo. Azaumoyo anayesetsa, wambiri anagwira ntchito, koma 19,610 anatsala. Poyamba a WHO anapempha maiko kuti asamutaye, amusunge kaye pofuna kuona ngati angagwirebe ntchito. Kwa katswiri, amenewo ndi mawu anzeru. Kwa munthu amene ali pamzere kuchipatala, zikutanthauza kuti mufiriji muja muli katemera wotha ntchito, ndipo palibe angamutsimikizire kuti yemwe ali mu jakisoniyo ndi uti. Mizere inayamba kufupika. Patapita masabata a WHO anasintha malangizowo, ndipo pa 19 Meyi nduna ya zaumoyo, mayi Khumbize Chiponda, anaponya okha katemerayo mu ng'anjo ya pa chipatala cha Kamuzu Central, makamera akuona.

Tsiku limenelo foni yanga sinapume. A kulikulu kwathu ankafuna ndiwapatse mawu oti akauze madona, chifukwa kunjako chithunzicho chinkaoneka ngati dziko losauka likuotcha mphatso pamene maiko ena akulirira katemera yemweyo. Ndinakhala mpaka usiku ndikusema ndime zitatu zofotokoza za masiku ochepa aja. Nditapita ku Chiputula Loweruka lake, amayi anandilandira ndi mawu akuti, "Ndaona awotcha woipa uja. Ndiye kuti wotsalayo ndi wabwino." Posakhalitsa anapita okha kukabayitsa pa chipatala cha Mapale, osandiuza n'komwe. Miyezi iwiri ya zolemba zanga inalephera, utsi wa tsiku limodzi unatha. Chithunzi chimodzi chomwecho, pa khomo lina chinali manyazi oti tiwaphimbe, pa khomo linalo chinali chinthu choyamba chomwe anthu anachikhulupirira.

Kolera ndiye anandivula. Anayamba ku Machinga mu Malichi 2022, namondwe wa Ana atadutsa, ndipo tonse tinkaganiza kuti atha mvula ikatha monga mwa masiku onse. Sanathe. Mu Ogasiti, chilimwe chili pakati, anabuka mwamphamvu ku Nkhata Bay, n'kutsata nyanja kulowera ku Rumphi ndi Karonga. Pomwe mliriwo unkazilala chaka chotsatira, anthu oposa 1,700 anali atamwalira m'dziko lonse, ndipo sitinaonepo kolera wotere.

Ndinatsika phiri kupita kunyanja ndi mtolo wa mapepala omata omwe ndinawanyadira kwambiri. Anali a mitundu yowala, olembedwa m'Chichewa, ndipo panali dzanja likusamba pa mpopi wonyezimira. Mlangizi wa zaumoyo amene anandilandira pa dooko lina, bambo wa imvi amene wakhala m'deralo zaka zambiri, anawayang'ana n'kunena mwaulemu kuti, "Madamu, awa asiyeni kaye m'galimoto." Pa dookopo panalibe mpopi. Madzi akumwa, osamba ndi otsukira usipa anali a m'nyanja momwemo, ndipo anthu mazanamazana obwera kudzagula ndi kudzagwira nsomba ankagona m'misasa yopanda zimbudzi zokwanira.

Za chiyankhulo nazonso sizinali zophweka monga ndinkaganizira. Ine ndine Mchewa wa ku Kasungu, ndipo ngakhale ndinakulira ku Mzuzu, ndinakula osaganizirapo kuti pepala la Chichewa limamveka bwanji kwa Mtonga kapena Mtumbuka wachikulire amene akukumbukira kuti mu 1968 Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ya MBC, n'kudzabwerera mu 1994. Amamva ndithu Chichewacho, koma amamvanso kuti chachokera kutali. Komanso pa dooko lomwelo panali asodzi ochokera ku Nkhotakota, ku Salima ndi ku Mangochi, omwe Chitonga chikanawadutsa. Palibe pepala limodzi lomwe likanakwanira onsewo.

Bambo aja ananditengera pansi pa mtengo wa mango pomwe panakhala akuluakulu a komiti ya pa dooko ndi amayi angapo, n'kundiuza kuti ndingomvetsera. Palibe anafunsa za kusamba m'manja. Zimenezo ankazidziwa, ndipo madzi a Thanzi ankadziwa kusungunula kwake kuposa ine. Nkhani yawo inali maliro. Mayi wina wachikulire anandiyang'ana n'kuti, "Mwana wanga, munthu akapita kumatenti kuja n'kufa, amabwera ali m'pulasitiki. Osamusambitsa, osamuona nkhope. Ndiye tinene kuti taika ndani?" Pamenepo m'pamene ndinamvetsa chifukwa chomwe ankabisa odwala m'nyumba mpaka madzi atatheratu m'thupi, chonsecho kolera ndi matenda oti munthu akafika msanga amachira. Ife tinkalemba m'malipoti kuti anthu sakudziwa. Ankadziwa. Ankasankha pakati pa zinthu ziwiri zoopsa, ndipo chimodzi mwa izo mapepala anga sanachitchule n'komwe. Zomwe zinathandiza pa dooko limenelo sizinasindikizidwe paliponse: azaumoyo, mafumu ndi atsogoleri a mipingo anagwirizana kuti achibale ochepa aziloledwa kuona nkhope ataima chapatali, mapemphero azichitika, ndipo mlangizi uja ankafotokoza yekha pa maliro alionse chifukwa chomwe thupi la womwalira ndi kolera silisambitsidwa. Mapepala anga ndinawapeza mwezi wotsatira atakulungira usipa. Sindinakwiye, pepala lake linali lolimba.

Mu Okutobala 2022, bungwe loyang'anira nkhokwe ya katemera wa kolera pa dziko lonse linalengeza kuti anthu azimwa kamodzi m'malo mwa kawiri, chifukwa miliri inachuluka m'maiko ambiri ndipo katemera anachepa. Mawu omwe tinalandira oti tikanene ankangoti kumwa kamodzi kumateteza. N'zoona, koma si zonse. Ndinapempha kuti tinene poyera kuti katemera wachepa ndipo chitetezo cha kamodzi sichikhalitsa ngati cha kawiri. Abwana anga ankaopa kuti anthu anena kuti tikuwapatsa zotsalira. Nkhaniyi inakathera pa wailesi. Kuno tili ndi mwayi wa nyumba monga Radio Tigabane, Voice of Livingstonia ndi Tuntufye ya ku Karonga, zomwe anthu amaimbako foni ngati akuyankhula ndi wachibale. Pa pulogalamu ina bambo wina anaimba n'kufunsa kuti, "Adokotala, kale munkati kawiri. Lero mwati kamodzi. Kodi wasintha ndi katemera kapena ndinu?" Ine ndinali pakona ndi pepala la mayankho ovomerezeka, mtima uli m'mwamba. Dokotalayo sanandiyang'ane. Anangoti katemera wachepa pa dziko lonse, ndipo n'kwabwino kuti anthu awiri amwe kamodzi kusiyana n'kuti mmodzi amwe kawiri wina osamwa. Bamboyo anati, "Apo ndiye mwanena," n'kudula foni.

Za poliyo n'chimodzimodzi. Mu Ogasiti 2020 tinaimba nthungululu kuti Africa yathana ndi poliyo wa kutchire, ndipo ine ndinalemba nawo mawu achikondwerero. Mu Febuluwale 2022 anapezeka mwa mwana wa ku Lilongwe, koyamba m'dziko muno chichokereni 1992, ndipo kachilombo kake kanali ka mtundu wa ku Pakistan. Katemera anayenda khomo ndi khomo maulendo angapo, ana akupakidwa inki pa kachala. Mwa malamulo a akatswiri, Africa sinataye ulemu wake uja popeza kachilomboko kanachokera kunja. Kayeseni kunena zimenezo pakhomo la munthu ku Mchengautuwa amene wakufunsani kuti, "Si inu nomwe munati inatha?"

Tsopano khomo lija la madona, lomwe limandilipira. Alendo akamabwera, sabata yonse imathera pa zinthu zomwe amayi anga sangakhulupirire kuti ndi ntchito: ndani akwere galimoto iti, ndani ayankhule poyamba pakati pa a DC ndi a kazembe, gule ayambe nthawi yanji kuti alendo asapse ndi dzuwa. Zizindikiro za mabungwe pa chinsalu timachita kuziyeza ndi rula, chifukwa cha wina chikachepa ndi chala chimodzi, kalata yodandaula imafika isanathe sabata. Atolankhani nawo sabwera popanda chipondamthengo, ndipo ine sindingawaweruze, ndinakhalapo mbali imeneyo ndipo ndikudziwa malipiro ake. Zonsezi zimaseketsa, koma ndalama zogulira mafiriji a katemera ndi mafuta a ambulansi zimatuluka m'maulendo otere. Wina kutsidyako ayenera kukaima pamaso pa aphungu a kwawo n'kufotokoza chifukwa chomwe misonkho yawo ikupita ku Karonga, ndipo chomwe amanyamula m'manja ndi nkhani yomwe ndalemba ine.

Nkhani zoterezi zili ndi kaphikidwe kake. Pamafunika mayi, mwana, vuto, thandizo lathu, kenako kumwetulira. Ndinalembapo imodzi yomwe imandisowetsa mtendere mpaka lero. Inali ya katemera wa malungo, yemwe dziko la Malawi linali loyamba kuyamba kupereka pa 23 Epulo 2019, Ghana ndi Kenya akubwera pambuyo. Karonga ndi Nkhata Bay anali m'gulu la maboma 11 oyambirira. Katemerayu mwana amalandira kanayi, ndipo sateteza kotheratu: pa kafukufuku wake anachepetsa malungo ndi pafupifupi 4 pa 10 alionse, n'chifukwa chake masikito sitinawasiye. Ndinacheza ndi mayi wina kusikelo. Anandiuza kuti mwana wake anadwalabe malungo kawiri, koma sanagonekedwe ngati mkulu wake, komanso kuti jakisoni wachinayi anachedwa naye chifukwa umabwera mwana ali pafupi kukwanitsa zaka ziwiri, pamene iye anali atasiya kale kupita kusikelo. Amenewo anali mawu a golide, ofotokoza katemerayu momwe alili ndi vuto lake lenileni. Koma ine ndinalemba kuti, "Tsopano mwana wanga ndi wotetezeka." Kandimverere anakanena za m'maluwa.

Mayiyo anadinda chala pa fomu yovomereza kujambulidwa. Ndinamuwerengera m'Chichewa, anavomera, koma kodi munthu amene sanaonepo lipoti la pachaka angavomereze bwanji kukhala pachikuto chake? Chithunzicho chinayenda. Chinafika kutsidya, kenako chinabwerera pa chinsalu chachikulu pa mwambo wina m'boma lakwawo, mawu anga aja ali pansi pa nkhope yake. Mlangizi wa m'deralo anandiimbira. Anati anthu akumunena mayiyo kuti anagulitsa mwana kwa azungu ndipo akudya yekha ndalama, komanso amayi anzake akumufunsa kuti ngati mwanayo ndi wotetezeka, bwanji anamuona naye kuchipatala mwezi watha. Dona amene tinamukonzera nkhaniyo anali atasamukira kale ku dziko lina. Ndinapita kukapepesa, ndinanyamula shuga ndi sopo ngati wopita kukaona wodwala. Anandilandira bwino, anandipatsa mpando, n'kundifunsa funso limodzi lokha: "Achemwali, mawu aja ndinanena liti?" Kuyambira pamenepo, nkhani iliyonse ndimabwerera kukamuwerengera mwini wake isanapite, ndipo ndimamuonetsa pafoni kukula kwa chinsalu chomwe nkhope yake ingathe kukhalapo. Ena amakana. Nkhani zanga zinayamba kuchepa kukoma, ndipo a kulikulu anandifunsapo ngati ndatopa.

Pa 20 Januwale 2025 a Donald Trump anasaina kuti dziko la America, lomwe linkapereka ndalama zambiri ku WHO kuposa dziko lina lililonse, lituluke m'bungweli, ndipo anaimitsanso thandizo lopita kunja kwa masiku 90. Zomwe zinatsatira ku USAID, bungwe la America lopereka thandizo kunja, mukuzidziwa. Chivomezicho chinafika ngakhale kwa ife omwe ndalama zathu zimachokera kwina, chifukwa aliyense anathamangira kwa madona otsalawo. Muofesi mwathu mipando ina ilibe anthu. Choyamba kudulidwa chinali changa: kusindikiza, maulendo, nthawi ya pa wailesi. Kunena zoona, mutandifunsa kuti tisankhe pakati pa mapepala anga ndi njinga ya mlangizi uja wa pa dooko, ndinganyamule ndekha njingayo kukamupatsa. Cha wailesi chokha n'chomwe chimandiwawa, chifukwa ndi malo okhawo omwe munthu wa ku Mpherembe ankatha kufunsa dokotala funso lomuchititsa manyazi. Lero nthawi yanga yambiri imathera pa khomo la madona, kulemba makalata opempha, kuposa kale lonse.

Masabata oyambirira a chaka chimenecho, mphekesera inali yoti ma ARV atha ndipo aziyamba kugulitsidwa. Anthu ena anayamba kudumphitsa masiku kuti mankhwala akhalitse, chomwe n'choopsa kwambiri. Zoona zake n'zakuti ma ARV ambiri m'dziko muno amagulidwa ndi ndalama za Global Fund, thumba la pa dziko lonse lolimbana ndi Edzi, TB ndi malungo, ndipo m'zipatala ankaperekedwabe ulere. Ndinali ndi kapepala kokongola kofotokoza zimenezi, kovomerezeka, kokhala ndi zizindikiro zonse zoyezedwa ndi rula. Ndinawatumizira amayi kuti akaike pa gulu lawo la WhatsApp la amayi a kutchalitchi. Anakana. Anati zoterezo anthu amangodutsa.

M'malo mwake anandikhazika pa mkeka, kunja kukuwaza kamvula ka ku Mzuzu kosadziwa nyengo kaja, n'kuti, "Tandiuza bwinobwino, usandinamize, chifukwa akandifunsa ndine." Anandifunsa ngati mankhwalawo alipodi, ndinati alipo. Anandifunsa ngati adzakhalapo chaka chamawa, ndinati zimenezo sindingalonjeze. Anati chabwino. Anatenga foni, anakonza kukhosi, n'kujambula mawu awo kwa mphindi ziwiri, kuyamba ndi moni wa m'dzina la Ambuye, kutchula kuti mwana wawo wa zaumoyo uja ali pompano, n'kunena zonse, ndi zosalonjeza zomwe. Kenako anaitana mnzawo wa nyemba uja kuti abwereze m'Chitumbuka. Dzina la bungwe lathu sanalitchule, ndipo ndikukayika ngati amalidziwa.

Pa fomu ya lipoti la mwezi pali kabokosi kofunsa chiwerengero cha anthu omwe uthenga wawafikira. Ndinawafunsa amayi kuti pagulupo alipo angati.

"Tilipo 23," anatero. "Koma awiri mafoni awo anafa."

Ndinalemba 21.